Imelo ya amalume ndi mesenjala amene ndinawapezera

Amalume anga anagwira ntchito ya uphunzitsi mpaka kupuma ali ahedi. Dzanja lawo ndi lokongola moti anthu a m'mudzi ankabwera kudzawapempha kuti awalembere makalata. Koma atawasankha kukhala mlembi wa komiti yomanga tchalitchi kwathu ku Ntcheu, cholembera chinachepa mphamvu. Othandiza ntchitoyo ena ali ku Lilongwe, ena ku Johannesburg, ndipo onse amafuna maminitsi ndi malisiti pa imelo. Mwana wawo anawatumizira laputopu yakale ya Windows 10, ndipo udindo woikonza unagwera ine. M'banja mwathu, ukangogwirako ntchito mu ofesi basi ndiwe katswiri wa kompyuta.

Poyamba ndinawapatsa zimene ndimagwiritsa ntchito ineyo. Ndinatsegula Chrome, ndinawaonetsa Gmail, ndinakwera basi kubwerera kutauni. Sabata isanathe, foni inalira usiku. "Mphwanga, makalata aja asowa onse." Sanasowe ayi. Tsiku lina anali atatseka tsamba osadziwa pobwerera, tsiku lina bandulo inatha ali mkati molemba.

Loweruka lotsatira ndinapitanso, ulendo uno nditatsimikiza kuti sindigwira mausi. Ndinakhala kumbuyo kwawo n'kumangoyang'ana. Amalume amalemba ndi zala ziwiri, ndipo chiganizo chilichonse amachiwerenga mokweza asanapitirize, ngati akuchonga mayeso a Sitandade 8. Maminitsi a tsamba limodzi amawatengera ola lathunthu, nthawi yonseyo intaneti ya pafoni ili chiyatsire. Netiwekinso imagwira bwino pazenera la kuchipinda chokha, pomwe tebulo lili pabalaza. Ndinaonanso kuti chilichonse chooneka ngati batani amachidina, kawiri. Apa m'pamene ndinazindikira chimene chinkafunika: pulogalamu yokhala m'kompyuta momwemo, yotsegulidwa ndi kachithunzi kamodzi, yolola munthu kuwerenga ndi kulemba netiweki palibe.

Ndisanasankhe, ndinafunika kuwamasulira kusiyana kwa adiresi ya imelo ndi pulogalamu ya imelo, chifukwa anthu ambiri amaziyesa chinthu chimodzi. Ndinati, "Amalume, kusukulu kuja munali ndi bokosi ku positi ofesi, si choncho? Nanga makalata ankafika bwanji patebulo panu?" Iwo anati ankatuma munthu pa njinga. "Ndiye adiresi ndi bokosi lija, pulogalamu ndi mesenjala." Anagwedeza mutu. Kuyambira pamenepo sitinavutanenso pa mfundoyi.

Bokosi silinatitayitse nthawi. Tinakhala pa Gmail, yomwe ndi yaulere ndipo imapereka malo a 15 GB, ogawana ndi Google Drive ndi Google Photos. Makalata a komiti sangadzaze malo amenewo msanga. Foni yawo inali kale ndi akaunti ya Google imene mnyamata wina wapamsika anawatsegulira pogula, koma pasiwedi yake palibe ankaidziwa, dzina lakenso linali la manambala osamveka. Tinatsegula ina yatsopano, ya dzina lawo lenileni. Pofunsa nambala yothandizira kubweza akaunti ikatsekeka tinaika yawo, pa imelo yothandizira tinaika yanga. Gawo limeneli musalidumphe, ngakhale mwatopa.

Pa mesenjala m'pamene ndinayamba kuyesa ichi ndi icho. Pulogalamu ya Mail imene inkabwera ndi Windows 10 ikanawayenera, chifukwa inali yosachulukitsa zinthu, koma Microsoft inasiya kuisamalira pa 31 December 2024 ndipo m'malo mwake muli Outlook yatsopano. Outlook imeneyo ndi yaudongo ndithu, koma yaulereyo imaonetsa zotsatsa malonda pafupi ndi makalata. Kwa ine zimenezo si kanthu, maso anga anazolowera kuzilumpha. Kwa munthu wodina chilichonse kawiri, ndinaona kuti ndidzakhala ndikuyankha mafunso mpaka Khirisimasi. Pulogalamu ya Gmail ya pafoni ndinaisiya momwemo kuti azionera ngati kalata yafika, koma maminitsi sangalembedwe pa kasikirini kotero ndi munthu wovala magalasi.

Ndinatsala ndi Thunderbird. Imachokera ku Mozilla, eni ake a Firefox, ndipo yakhalapo kuyambira 2004. Ndi yaulere, ilibe zotsatsa, imayenda ndi zopereka za anthu oigwiritsa ntchito. Ndinaitengera kutauni pa Wi-Fi kuchokera pa thunderbird.net n'kuinyamula pa fulashi, kuti tisadye bandulo ya amalume. Amene kompyuta yanu idakali pa Windows 7, dziwani kuti mtundu womaliza woyenda pamenepo ndi 115.

Kuiika sikunavute. Ikatseguka koyamba imafunsa dzina, adiresi ndi pasiwedi, kenako imadzifufuzira yokha njira yofikira ku Gmail. Funso lofunika kuliganizira ndi limodzi: IMAP kapena POP. Ndi IMAP, makalata amakhalabe m'bokosi la ku Google, mesenjala amangobweretsa kope, ndipo zimene mwachita pa laputopu zimaonekanso pafoni. POP inapangidwa kuti izitengera makalata m'kompyuta imodzi. Laputopu ya amalume batire lake silikhalitsa, ndipo tsiku lina idzagona osadzuka. Ndinasankha IMAP kuti ikadzafa, maminitsi asadzafe nayo. Kenako panatseguka zenera la Google lofuna kuti tilowenso ndi kuvomereza kuti Thunderbird iziona makalata. Apa tinanyamula laputopu kupita nayo kuzenera la kuchipinda, amalume atagwira foni m'mwamba ngati akuunikira ndi tochi. Ulendo woyamba zinakana, wachiwiri zinatheka.

Ntchito yeniyeni inali yochotsa. Thunderbird imabwera ndi kalendala, mndandanda wa ntchito, ndi mabatani ambiri amene mlembi wa komiti sawafuna. Ndinabisa zonse zobisika. Zilembo ndinazikulitsa mpaka amalume anasiya kuweramira pa sikirini, ndipo ndinawaonetsa kuti kalata ikakhala ya tizilembo ting'onoting'ono agwire Ctrl n'kudina +. Kachithunzi ka pulogalamuyo ndinakaika pakati penipeni pa sikirini, n'kukasintha dzina kukhala MAKALATA. Chingerezi sichiwavuta, ndi mphunzitsi, koma mawu ngati Archive ndi Junk anawakayikira. Ndinangowauza kuti mabatani awo ndi anayi: wolembera kalata yatsopano, Reply, Attach ndi Send. Enawo ndi a anthu ena.

Mbali imene inandisangalatsa kwambiri ndi yosunga bandulo. Pa File pali Offline, ndipo mukasankha Work Offline mumawerenga makalata amene anafika kale ndi kulemba atsopano popanda intaneti. Batani la Send limasanduka Send Later, kalatayo n'kumadikira mu Outbox. Ndiye amalume amalemba pabalaza modekha, foni itazimitsidwa data. Akamaliza amapita kuzenera kuja, kuyatsa, n'kutumiza zonse pa mphindi zochepa. Mu Account Settings, pa Synchronization & Storage, ndinaika kuti izisunga m'kompyuta makalata a masiku 30 okha, komanso isamatenge yokha makalata akuluakulu. Zithunzi zochokera pa intaneti zimene zimabisala m'makalata, Thunderbird imazitsekereza kale mpaka mutazilola. Ndinawachenjezanso kuti Gmail silola kuphatikiza zinthu zoposa 25 MB pa kalata imodzi, choncho zithunzi za maziko a tchalitchi azisankha zitatu kapena zinayi, osati zonse.

Kanthu kena kakang'ono. Thunderbird imakumbutsa munthu akalemba mawu ngati "attached" koma osaphatikiza kanthu, ndipo mndandanda wa mawuwo mutha kuuwonjezera. Ndinaikamo "ndaphatikiza". Tsiku limene chikumbutsocho chinawatulukira koyamba, anandifunsa ngati kompyutayo yaphunzira Chichewa.

Pasiwedi tinailemba papepala. Ndikudziwa kuti ambiri amaletsa zimenezi, koma ine ndinaona kuti wakuba woopsa kwa amalume ali pa intaneti, osati mu sutikesi mmene amasungira masatifiketi awo. Pasiwedi yaitali yolembedwa ndi kubisidwa bwino imaposa yaifupi yoloweza pamtima, imene nthawi zambiri imakhala chaka chobadwa. Lamulo ndinawapatsa limodzi: kalata iliyonse yopempha pasiwedi kapena ndalama, ngakhale ioneke ngati yachokera kwa abusa, ayambe aimbira mwini wakeyo foni. Nkhani yoti Windows 10 inasiya kulandira zokonza zanthawi zonse pa 14 October 2025 sindinaiyambitse tsiku limenelo. Mutu unali utadzaza kale.

Madzulo ndinawapatsa mayeso. Ndinatuluka kukakhala pakhonde kusenda mtedza ndi akazi awo, n'kuwauza kuti anditumizire kalata yokhala ndi lisiti la simenti, osandiitana. Ndinamva akuwerenga mokweza, kenako mapazi kulowera kuchipinda. Patapita nthawi foni yanga inalira. Kalatayo inali ndi adiresi ndi deti pamwamba, atazikankhira kudzanja lamanja ndi mipata yambirimbiri, monga ankaphunzitsira ana. Inayamba ndi "Wokondedwa mphwanga" ndipo inatha ndi "Ndine amalume ako". Lisiti linalipo.

Foni amaimbabe, koma masana. "Mphwanga, ndakutumizira imelo. Taona ngati yafika."