Usipa wanga unathawira mumlengalenga

Bizinesi ya usipa ndinaiyamba ndi ndalama za banki m'khonde za akazi anga. Gwirani kaye mfundo imeneyo kuti mumvetse thukuta lomwe ndinatuluka, loposa la dzuwa la Okutobala kuno ku Mangochi.

Ndinalawirira kudoko la ku Makawa n'kugula usipa wauwisi, wonyezimira ngati makobidi atsopano. Anzanga amayeza ndi ndowa, koma ine pofuna kuoneka wozitsata ndinabwereka sikelo yokoloweka ija ya ogula nandolo. Makilogalamu 20 ndendende. Ndinauyanika pathandala kuseri kwa nyumba, usiku n'kumagona pompo ngati mlonda.

Tsiku lachitatu ndinamangirira sikelo mumtengo wa mango n'kukoloweka thumba. Makilogalamu 4. Ndinaimenya khofi sikeloyo. 4 yemweyo.

Pofika masana ndinali nditayambana ndi mudzi wonse: amphaka a aneba, akhwangwala, ana osewera mpira, ngakhale alamu anga omwe anangodutsa kudzapala moto. Ndikuvala malaya kuti ndikadandaule kwa amfumu, anatulukira mphwanga, mwana wa achemwali, amene ali Fomu 3.

"Amalume, palibe wakuberani. Usipa wanuwo uli m'mwambamu."

Ndinayang'ana kumwamba, mtima uli phaa, poganiza kuti mwanayu akunena za ndege za usiku. Iye anaseka n'kundikhazika pansi. Akuti kulemera kwa chinthu sikutha ndipo sikubadwa, kumangosamuka. Analongosola zimenezi ndi Mfalansa wina, Antoine Lavoisier, m'buku lake la 1789, atawotcha zinthu m'mabotolo otseka n'kupeza kuti sikelo sikusintha. Bamboyo analinso wokhometsa msonkho, n'chifukwa chake ankadana ndi zoti kanthu kasowe osawerengedwa, ndipo anamudula mutu mu 1794. Apo ndinagwira khosi langa, pokumbukira mwini ndalama.

Mphwanga analoza mbaula. Makala akapsa timaona kaphulusa kochepa n'kumati atha, chonsecho magalamu 12 a kaboni, chimene chimayaka m'makalawo, amagwirana ndi magalamu 32 a okosijeni wa mumpweya timapumawu n'kukhala magalamu 44 a mpweya wa carbon dioxide, womwe umapita osatsanzika. Usipa nawo uli ndi madzi ambiri, dzuwa langowakweza.

Ine sindikhulupirira za pakamwa. Tinagula usipa wina wauwisi wodzaza manja awiri, n'kuumanga mujumbo zolimba, n'kuuyeza pa kasikelo ka pagolosale, n'kuusiya padzuwa. Madzulo jumbo yonse inali itachita mame m'kati, timadontho tikutsetsereka, koma kulemera kuli komwe kuja. Nditamasula kuti ndionetsetse, fungo lake linathamangitsa ngakhale amphaka ndinkawanamizira aja.

Ndinasangalala zedi. Ndinaitana akazi anga kuti amve okha kuti sayansi yandiyeretsa. Apa m'pamene mwanayu anaonjeza nzeru zosapemphedwa.

"Komatu amalume, nsomba yaiwisi ikagawidwa panayi, pafupifupi magawo atatu ndiwo madzi. Pa 20 panayenera kutsala 5 kapena kuposerapo. Kilo inayo si dzuwa ayi."

Bata. Akazi anga anayang'ana thandala, kenaka mbaula imene inali pafupi ndi mphasa yanga ya ulonda, kenaka timitu ta usipa tili mbwee pambali pa bawo. Ulonda wa usiku ndi wautali, abale, ndipo anzanga awiri ankabwera kudzandithandiza kulondera, wina atanyamula tsabola ndi mchere.

"Wati kulemera sikutha, kumangosamuka?" anafunsa akazi anga motsitsa mawu.

"Eya, azakhali."

"Abambo, kolowekani lamba wanu pa sikelopo."

Ndinayesa kufotokoza kuti gawo lina ndinalipuma kale ngati mpweya, mphwanga n'kuvomereza kuti zimenezo n'zoona ndithu. Sizinathandize. Nthambi ya mango ija inathyoka ndisanaone n'komwe nambala, ndipo sikelo ya eni ake ndikulipirabe pang'onopang'ono.