Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Timabotolo ta zipsepse

Chaka chimene ndinasiyira sukulu panjira chifukwa chosowa fizi, amalume anandipezera ganyu padoko lina pafupi ndi Monkey Bay, yothandiza alendo ofufuza za nsomba. Ntchito yanga inali kudula kachidutswa ka chipsepse cha chambo, kochepa ngati chikhadabo cha khanda, kukaponya m'kabotolo ka spiriti, kenako kulembapo nambala ndi dzina la doko. Asodzi ankandiseka kuti ndikutolera zizimba za azungu, ndipo kunena zoona, nanenso sindinkadziwa chimene ndinkachita.

Tsiku lina ndinasokoneza manambala a timabotolo tisanu. Mayi amene ankatsogolera ntchitoyo sanandikalipire, koma anatitaya tonse, nandikhazika pamphepete pa bwato, n'kundionetsa chithunzi cha nyama ya m'nyanja yamchere yotchedwa porpoise, imene iwo ankafufuza asanabwere kuno. Imaoneka ngati nsomba, komatu imapuma mpweya ndipo imayamwitsa ana. Anandifotokozera kuti m'katikati mwa nyanja ya Baltic, ku Ulaya, zatsala pafupifupi 500 zokha, ndipo zambiri zimafa zikakodwa m'matchera ofanana ndi amene bambo anga ankatchera usiku. Ndi maso simungazisiyanitse ndi zinzake za m'madzi oyandikana ndi Denmark, zomwe n'zochuluka, koma zizindikiro za mu DNA, malangizo a m'thupi amene chamoyo chimatengera kwa makolo ake, zinathandiza kutsimikiza kuti ndi banja lapalokha, moti zikatha, palibe chiyembekezo chakuti za kwina zidzalowa m'malo mwake.

Chimene chinandigwira mtima ndi chakuti pali mtundu wina wa DNA umene mwana amatengera kwa mayi ake okha. Ine wokulira m'mudzi wa chikamwini, kumene mbumba timaiwerengera kuchikazi, ndinamva msanga kuposa mmene iwo ankaganizira. Nditazindikira kuti m'zipsepse zija ankafunamo DNA, ndinawafunsa kuti, "Ndiye kuti mukufuna kudziwa ngati chambo cha ku Malombe ndi cha kuno zili za mbumba imodzi?" Anagwedeza mutu movomera, nati kabotolo kolembedwa doko lolakwika kamasandutsa mlendo kukhala mwinimudzi.

Madzulo ake ndinawasimbira bambo, amene anaona ndi maso awo chambo chikutha ku Malombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Anapitiriza kusoka ukonde wawo osayankha, ndipo patapita nthawi anangofunsa ngati nyamayo imadyedwa.