Lachisanu: Ndaphunzitsa Kompyuta Kudzisesa Yokha

Lero m'mawa kompyuta yanga ya Linux yakana kusunga ntchito imene ndinayamba dzulo, ikunena kuti malo atha pa diski. Nditalemba df -h, lamulo losonyeza malo otsala pa diski, ndaona kuti pa magigabaiti 256 panangotsala osakwana 1, chonsecho sindikukumbukira kuti ndinaikapo chinthu chachikulu mwezi uno. Aka n'kachitatu chaka chino, ndiye ndaganiza zoleka kumafufuta ndekha nthawi iliyonse n'kulemba sikiripiti (kapulogalamu kakang'ono) yoti izigwira ntchitoyi.

Lamulo la du, loyeza kukula kwa mafoda, landisonyeza kumene zinyalala zinabisala. Mu /var/cache/apt/archives munali mulu wa mafailo a .deb, amene apt-get, chida choikira mapulogalamu, imasunga ngakhale pulogalamu italowa kale. Mu /var/log/journal, mmene systemd, pulogalamu yoyang'anira ntchito za mu Linux, imalemba zonse zochitika pa kompyuta, munali pafupifupi magigabaiti 4, omwe ndi malire amene imadziikira yokha ngati munthu sanaiuze zina. Izi sizinandivute konse, chifukwa apt-get clean ndi journalctl --vacuum-time=14d zamaliza nkhaniyo m'mphindi imodzi. Foda ya /tmp sindinaikhudze, popeza systemd-tmpfiles imaiyeretsa kale.

Vuto lenileni linali pa foda ya Downloads, imene inali yaikulu kuposa onse. Ndinalemba mzere wa find, lamulo lofufuzira mafailo, woti ufufute failo iliyonse yopitirira masiku 30, koma ndisanaike -delete ndinayamba ndaika -print kuti ndione kaye mayina a zimene zikanapita. Pa mndandandawo panali zimene ndimayembekezera, monga mafailo a ISO amene ndinagwiritsa ntchito kamodzi kokha, komanso panali zikalata zanga zasukulu zimene ndinazitulutsa mu failo ya zip sabata yatha yomweyi. Ndinadabwa kwambiri, mpaka ndinakumbukira kuti -mtime, mbali ya find yowerengera masikuwo, siyang'ana tsiku limene failo inafika pa kompyuta, koma tsiku limene zam'kati mwake zinasinthidwa komaliza, ndipo zip imasunga madeti akale a mafailo ake. Kwa find, zikalata zimenezo zinali zakalekale zoyenera kutayidwa. Zimene find yafufuta sizidutsanso mu Trash, zimangotheratu pomwepo.

Ndinakhala kanthawi ndikuyang'ana mndandanda uja, mtima uli phaa! Kenako ndinagawa ntchitoyi pawiri. Zinthu zimene kompyuta ingathe kuzipanganso yokha, monga mafailo a .deb, malogi akale ndi tizithunzi ta mu ~/.cache/thumbnails, sikiripiti izizifufuta popanda kundifunsa. Koma za mu Downloads izingolemba mayina awo mu failo imodzi, ndipo chigamulo chizikhala changa. Mnzanga amene amagwiritsa ntchito Windows amandiseka kuti Storage Sense, chida cha Windows choyeretsera diski, imachita zonsezi munthu akangodina kamodzi, komatu nayonso siifika ku Downloads pokhapokha mwini wake atailola, zomwe ndikuona kuti opanga ake anaganiza bwino.

Masana ndinalakwitsanso pang'ono pa nkhani ya nthawi. Mu crontab, failo youza cron (pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika) nthawi yoyendetsera sikiripiti, ndinalemba 0 3 * * 0, kutanthauza 3 koloko usiku wa Lamlungu lililonse, poganiza kuti nthawi imeneyo sindigwira ntchito. Ndinaiwala kuti iyi ndi laputopu, imene nthawi imeneyo imakhala yozimitsa, ndipo cron ikaphonya nthawi yake sibwereranso m'mbuyo. Choncho ndasamutsira sikiripitiyo mu /etc/cron.weekly, kumene pulogalamu ina yotchedwa anacron imaiyendetsa kompyuta ikayatsidwa ngati sabata yakwana. Ndachotsanso .sh kumapeto kwa dzina lake, chifukwa run-parts, chida choyendetsa masikiripiti a mu fodayo pa Linux ya mtundu wa Debian, imalumpha mafailo okhala ndi kadontho m'dzina, ndipo imatero osanena kanthu.

Madzulo ano ndaiyendetsa kamodzi ndekha kuti nditsimikize, ndipo df ikusonyeza magigabaiti 9 opanda kanthu. Mndandanda wa Downloads uli ndi mayina 212, ndipo pofika pano ndawerengapo 40.