Lachitatu la nsapato imodzi

Ndalowa m'nyumba cha m'ma 7:40 m'mawa kuchokera ku shifiti ya usiku, kunja kukadali kamdima ndi kamvula kowaza kaja ka kuno ku England kokhala ngati chiperoni cha ku Thyolo, mapazi ngati si anga. Usiku wonse ndimatembenuza agogo achizungu pa bedi, kuwasintha, kuwamwetsa tiyi, ndiye mutu unali poti ndikangofika ndigone basi. Bambo a mwana wanga ndakumana nawo pakhomo atavala kale jekete akuthamangira basi, angondinong'oneza kuti "wavala yekha yunifolomu lero, chonde musamuyankhule." Kulowa mkati zoonadi, mnyamata wanga wa zaka 12 ali pa masitepe, shati yoyera, tayi m'khosi, nsapato imodzi kuphazi ina ili m'manja. Kwa ife zimenezo ndi zozizwitsa, sabata yatha yonse sanapondeko ku sukulu.

Ndiye ine ndi kutopa kwangako pakamwa pangotseguka pokha. "Tavala inayo tizipita, nthawi yatha."

Basi. Zathera pompo.

Wayang'ana nsapato ija ngati yasanduka njoka. Kenako akuti mami mwendo uwu wafa sukugwira. Ndikuti bwera ndikuveke, akuti dikirani kaye ndikuuzeni za sitima ina yake, ndikuti za sitimazo tikamba m'njira, akuti tsitsi lanu lakongola lero mwapanga chani, tangoganizani tsitsi loti lagona mu duku usiku wonse kkkk. Amayamba choncho nthawi zonse, kukuzembazemba mwaulemu, nthabwala, kukutamanda, zifukwa zosatha, ndipo ukakhala mlendo umangoti kamwana kochenjera aka. Koma ukapitiriza kukankha zimasintha. Nditanena kachitatu nsapato yauluka mpaka kuseri kwa sofa, tayi wavula, iye walowa pansi pa tebulo akunjenjemera thupi lonse, akungobwereza mawu amodzimodzi. Chichewa amamva bwinobwino koma amayankha m'Chingerezi, ndipo chimene ndinachedwa kuzindikira zaka zonsezi ndi choti sanena kuti sindikufuna. Amanena kuti sindingathe.

Ndaperekeza mlongo wake wa zaka 7 ku pulayimale, ndabwerera, ndakhala pansi pa khitchini pafupi ndi tebulo lija osayankhula kanthu mphindi mwina 40. Kenako kadzanja katuluka kagwira chala changa cha kuphazi. Ndiye kupepesa kwake kumeneko.

Kwa amene simukudziwa, mwana wangayu anamupeza ndi autism ali ndi zaka 9, kutanthauza kuti ubongo wake umagwira ntchito mosiyana ndi wa ena makamaka pa kucheza ndi kuyankhulana ndi anthu, ndipo mu lipoti adokotala anawonjezera kuti amapewa kwambiri chilichonse chimene akuona kuti akulamulidwa. Dzina lake amati PDA, pathological demand avoidance. Anayamba kuzifotokoza ndi mayi wina katswiri wa maganizo a ana, Elizabeth Newson, wa pa yunivesite ya Nottingham, m'zaka za m'ma 1980. Ankaona ana omwe amafanana ndi a autism koma ochezeka, okonda kusewera ngati ndi munthu wina, chonsecho osatheka kutumidwa ngakhale kanthu kakang'ono, ndipo mu 2003 iye ndi anzake analemba zimenezi mu magazini ya madokotala a ana. Mpaka lero PDA mulibe m'mabuku akuluakulu aja amene madokotala amatsatira potchula matenda, DSM-5 ndi ICD-11, ndiye ukapita kwa dokotala uyu akuti inde ilipo, kwa uyo akuti ayi ndi nkhawa chabe ya autism, akatswiri okhaokha sagwirizana. Ine zokangana zawozo ndinazisiya. Chimene ndimaona ndi maso anga ndi choti mawu olamula akamugwera, thupi lake limachita ngati galimoto ikubwera kudzamugunda. Ndi mantha, si mwano. Liwu lija loti pathological ndimadana nalo, limamveka ngati mwana ndi wovunda.

Ndipo sizikhudza zinthu zosasangalatsa zokha ayi, apa ndi pamene anthu sandimvetsa. Mwanayu amakonda sitima kufa. Chaka chatha anandivutitsa miyezi itatu kuti tikakwere ma tram a ku Nottingham, sitima zoyenda m'misewu ya m'tauni zija, amadziwa njira zonse, ya ku Hucknall, ya ku Clifton, mpaka mayina amene anapatsa ma tram aja. Ndinapempha ofu, matikiti ndinagula, masangweji ndinakonza. Tsiku litafika analephera kutuluka m'chipinda, akulira kuti akufuna kupita koma sangathe, poti tsopano zinali zoti tikuyenera kupita. Ngakhale njala yake yomwe imatha kukhala ngati lamulo, amakhala osadya chifukwa mimba ikumuuza zochita. Mwana wamwano amakana ntchito n'kuthamangira zokoma. Uyu amataya ndi zokoma zomwe.

Ndagona maola awiri okha, 1 koloko ndinali ndi mitingi ku sukulu kwake ndi mayi amene amayang'anira ana ofunika thandizo lapadera, kuno amati SENCO. Munthu wabwino ndithu koma nyimbo yake ndi yomweija, "akakhala kuno savuta, ndi waulemu, amamwetulira." Eya amamwetulira, amadzigwira tsiku lonse ngati botolo la Fanta lokhutchumula, chitsekerero chimadzatsegukira kwa ine 4 koloko. Ndiye pa pepala zimaoneka ngati vuto ndi kunyumba, ndi mayi wake. Andikumbutsanso za kujomba. Kuyambira mu Ogasiti 2024 kuno mwana akajomba masiku okwana 5 popanda chilolezo m'masabata 10 atha kukulipiritsa faini ya £80, kholo lililonse payekha, ukachedwa kupitirira masiku 21 imakhala £160. Ndawauza kuti mayi, ndikanakhala ndi njira yomunyamulira ndikanamubereka kumbuyo ndi chitenje ngati kale, koma ndi wamtali kuposa ine. Aseka, ine sindimaseka. Tagwirizana kuti ayambe wabwera maola awiri okha, alowere khomo la kumbali osati pa chipata pamene pamaima aphunzitsi oyang'ana mataye, ndipo akafuna kutuluka m'kalasi angoonetsa kakhadi osapempha. Za EHCP, pepala lija lokakamiza kuti mwana apatsidwe thandizo, lamulo limati zonse zithe m'masabata 20, ife tikudikirabe, nkhani ya tsiku lina imeneyo.

Pobwerera amayi aimba pa WhatsApp kuchokera kumudzi ku Ntcheu, kwawo inali kale cha m'ma 5 madzulo, ndikumva nkhuku zikulowa. Ndinalakwa kuwauza za nsapato.

"Iwe mwanawe, mwanayo mwamulekerera. M'mera mpoyamba. Mumutumize kuno teremu imodzi yokha azikatunga madzi ku mjigo, tione ngati mwendowo udzafenso. Azunguwo akusokonezani mitu, chilichonse akuti matenda."

Sindinakwiye, chifukwa inenso ndinkaganiza chimodzimodzi. Ife tinakula ndi kutumidwa. Tatenga ichi, tapita uko, bwera kuno, gwada, landira ndi manja awiri. Mwana wabwino kwathu ndi wotumika, munthu wamkulu aliyense pamudzi amatha kukutuma ndipo umathamanga. Chichewa chimene ndimadziwa choyankhulira ndi mwana pafupifupi chonse ndi chotuma. Ndiye ndinayesa zonse zimene ndinaleredwa nazo ndi za kuno zomwe, kukalipa, kulanda tabuleti, tchati cha nyenyezi pa fuliji chimene anaching'amba tsiku lachiwiri, ndipo ndivomere, ali ndi zaka 6 ndinamukwapulapo ndi patapata. Sanasinthe, anangoyamba kubisala akamva mapazi anga. Ku Scotland kumenya mwana analetseratu mu 2020, ku Wales mu 2022, koma ine chinandisiyitsa si lamulo, ndi nkhope yake tsiku limenelo. Kutchalitchi nako ena anati tibwere naye ku mapemphero a usiku achotse chimene chamugwira. Pemphero sindikana, koma anthu khumi kumuzungulira akufuula kuti tuluka, mwana woopa kulamulidwa, mukuona bwanji.

Ndawafotokozera amayi pang'onopang'ono zimene ndinaphunzira kwa makolo anzanga ndi ku bungwe la PDA Society, kuti umasankha nkhondo zoyenera kumenya, zina umazisiya, kuti m'malo moti "samba" umangonena kuti madzi afunda, m'malo moti "vala jekete" umati kunja kukuzizira ine ndatenga yanga, umamupatsa zosankha, umapanga naye mapulani ngati anzako awiri. Kuti malamulo enieni kwathu atsala ochepa, osamenya munthu, lamba m'galimoto, osathamangira pamsewu, ndipo amenewo ndimanena kuti ndi a boma si anga.

Amayi anakhala chete mpaka ndimayesa netiweki yadula. Kenako akuti, "Koma zimenezo ndi za malume ako aang'ono zija." Ndikuti zotani. Akuti, "Ameneuja ukamutuma amathawira kudimba tsiku lonse, agogo ako aamuna anathyolera ndodo zingati pa iye osaphula kanthu. Koma agogo ako aakazi sankamutuma ayi. Ankangoima pakhomo n'kumayankhula ndi nkhuku, kuti kaya mbuzi zija zigona panja lero, afisi ndiye asangalala. N'kulowa m'nyumba osamuyang'ana. Pakapita kanthawi umangomva khola likutsekedwa."

Ndinaima pa siteji ya basi mvula ikundinyowetsa, ndikuseka misozi ikutuluka. Sindikunena kuti amalume anali ndi PDA, anamwalira kalekale ndipo ine si dokotala. Koma zaka zitatu ndakhala ndikuwerenga zimenezi m'Chingerezi usiku pa buleki, ndikumadziona ngati ndataya chikhalidwe chathu, kumachita manyazi Amalawi anzanga akabwera kunyumba n'kuona mwana sakuwapatsa moni ine osamudzudzula, pamene agogo anga osapita ku sukulu ankayankhula ndi nkhuku. Amayi sanagonje kwenikweni, atsazika ndi mawu oti komabe moni yekha aphunzire. Chabwino amayi.

Madzulo ndaphika nsima ndi nyemba, ufa wa ku shopu ya Afirika uja wodula ngati golide. Sindinamuitane. Ndangoika mbale yake pa tebulo ndi kutsegula chitseko kuti fungo likwere masitepe. Watsika yekha patapita mphindi 20, wadya ataimirira, ndazisiya. Vuto linabwera kwa mlongo wake. Ndamuuza kuti achotse mbale, wandiyang'ana n'kuti "bwanji achimwene simuwatuma, ine ndekha ndekha?" Funso limeneli limandilasa kuposa kalata iliyonse ya ku sukulu, poti akunena zoona, ndipo kamwanaka kamva kukuwa kochuluka pa moyo wake waung'onowu. Ndamuuza kuti achimwene ako mutu wawo umamva kutumidwa ngati alamu ya moto, iwe sumva choncho, koma Loweruka tipita awiriwiri ku tauni popanda wina aliyense. Akuti ndi ayisikilimu? Ndati ndi ayisikilimu, ngakhale kukuzizira chonchi. Sindikudziwa ngati zikukwanira.

Kenako nkhani ya kusamba, lero linali tsiku lachinayi asanakhudze madzi ndipo pa msinkhu umenewu fungo limayamba kudziwika. Ndatsegula madzi m'bafa, ndabwerera ku khitchini, iye ali pa sofa ndi mavidiyo ake a sitima. Nkhuku tilibe kuno, ndiye ndayang'ana fuliji. Ndati, m'Chichewa chenicheni cha ku Ntcheu, "Kaya madzi aja angozizira pachabe, gasi wake kudula chonchi." Fuliji sinayankhe. Ndayamba kutsuka mapoto osatembenuka, khosi likuyabwa kufuna kucheuka.

Mphindi khumi palibe. Khumi ndi zisanu. Ndinali nditataya kale mtima, kenako ndamva masitepe, chitseko, kenako phokoso la madzi.

Watuluka tsitsi likudontha, thaulo paphewa, wadutsa pafupi nane akundiyang'ana m'mbali kudikira kuti ndinene kanthu. Pakamwa panga panadzaza "wachita bwino mwanawe" koma ndameza, chifukwa kumuyamikira nakonso amakumva ngati ngongole yoti mawa abwezenso, tinaphunzira zimenezo mowawa. Ndangoti mapoto awa ndiye akuda bwanji. Iye akuti mukanawanyika kaye mami, n'kukwera kukagona.

Bambo ake afika 9 koloko, ndawauza za agogo ndi nkhuku, akuti ndiye tigule nkhuku. Yunifolomu ndaipachika pa mpando wa m'khonde osati m'chipinda mwake, ingokhala ngati yaiwalika pamenepo. Nsapato ija ikadali kuseri kwa sofa, ndinagwada kuti ndiitole kenako ndaisiya, akaifuna akudziwa kumene anaiponya. Mawa ndilinso ndi shifiti ya usiku ndipo maso akutsekeka okha.