Nkhani ya chilengedwe iziyambira ku unduna wa zachuma

Boma likafuna kuphunzitsa antchito ake kulumikiza ntchito yothetsa umphawi ndi yosamalira chilengedwe, kawirikawiri limaitana a ku unduna wa zachilengedwe okhaokha. Zimalakwikira pamenepo. Anthuwa nkhaniyi amaidziwa kale. Chimene alibe ndi ndalama, ndipo ogawa ndalamazo ali ku unduna wa zachuma ndi kunthambi ya mapulani. Pologalamu ya Poverty-Environment Initiative, imene mabungwe a United Nations oona za chitukuko (UNDP) ndi za chilengedwe (UNEP) anayambitsa mu 2005, inkatsindika mfundo yomweyi.

Wa zachuma amamva manambala, ndiye kuwonongeka kwa nthaka, nkhalango ndi nsomba kuwerengedwe ngati ndalama. Ku Malawi, kafukufuku wa 2011 anapeza kuti kusakaza zachilengedwe kumalanda dziko 5.3 peresenti ya chuma chimene limapanga pachaka. Ku Rwanda, dambo la Rugezi linalimidwa n'kukumbidwa ngalande, mvula nayo n'kuchepa, moti mu 2004 madzi opukusa makina a magetsi ku Ntaruka ndi Mukungwa anatsika, dziko n'kuyamba kudalira majenereta a dizilo okwera mtengo. Zoterezi nduna ya zachuma siingazinyalanyaze.

Koma manambalawo afike nthawi yake. Chaka chilichonse unduna wa zachuma umatumiza kalata kumaunduna onse yowauza kakonzedwe ka bajeti ndi malire a ndalama zimene angapemphe. Lamulo loti aliyense asonyeze zimene wakonzera nthaka, madzi ndi mitengo lilowe m'kalata imeneyo. Lipoti lofika kalatayo itapita kale limangogona m'kabati mpaka chaka chamawa.

Kenaka ntchitozi zipatsidwe nambala yakeyake m'mabuku a ndalama za boma. Popanda nambalayo, ndalama ya mbande za mitengo imasokonekera pamodzi ndi ya mafuta a galimoto, ndipo palibe angadziwe imene yafikadi kwa mlimi. A kuofesi ya chiwerengero nawonso aike mafunso m'kafukufuku wa m'makomo: nkhuni zimatoledwa maola angati pasabata, madzi amatungidwa pamtunda wotani.

Chimene chimapweteka kwambiri n'kusamutsidwa kwa antchito. Mkulu mmodzi amaphunzitsidwa bwinobwino, pakapita chaka n'kutumizidwa kwina, luso lonse n'kupita naye. Phunzitsani atatu paofesi iliyonse, kuphatikizapo akauntanti, ndipo njirayo ilembedwe m'buku la kagwiridwe ka ntchito kuti wobwera m'malo mwake aipeze patebulo tsiku loyamba.