Dzina la Patrick Adams kuseri kwa chimbale

Tulo sitikubwera chifukwa cha mawu amene alamu anga ananena madzulo ano. Anabwera ndi chimbale chakale cha gulu loimba disco la Musique chotchedwa Keep On Jumpin', cha mu 1978, chimene anachipeza m'katoni ya malemu bambo awo. Chikuto chake n'chong'ambika m'mphepete, ndipo nditachitembenuza ndinaona dzina la Patrick Adams m'timalemba ting'onoting'ono.

Ndinawafotokozera kuti munthuyu anabadwira ku Harlem, mumzinda wa New York, mu 1950, ndipo ankapeka nyimbo, kukonza kaimbidwe ka mavayolini ndi malipenga, komanso kuzijambula yekha. Anayamba kudziwika ndi gulu la Black Ivory, kenako mu 1976 anatulutsa Atmosphere Strut pa dzina la Cloud One, mmene kiyibodi ya Minimoog imalira ngati mluzu. Nditafika poti mu 1987 anali injiniya wa mawu ku Power Play Studios ku Queens, ku New York komweko, pojambula chimbale cha rap cha Eric B. ndi Rakim chotchedwa Paid in Full, alamu anaseka.

"Ndiye kuti anagwa chagada, alamu. Munthu wopeka nyimbo zake angakhale pansi n'kumapotokola timabatani pa nyimbo za ana?"

Mawuwa anandipweteka kuposa mmene ndinaonetsera. N'zoona kuti msika wa disco unalowa pansi chakumapeto kwa 1979, chaka chimene khamu la anthu linasonkhana pa bwalo la Comiskey Park ku Chicago kudzaonerera zimbale za disco zikuphulitsidwa. Koma injiniya sangopotokola mabatani. Iyeyo ndi amene amaika maikolofoni pamalo pake, amapima kulemera kwa ng'oma, ndiponso amatsegulira liwu la woimba njira kuti lisamire m'phokoso. Rakim sankakuwa, ankalankhula modekha pamwamba pa ng'oma zolemera, ndipo ndikuganiza kuti khutu limene linazolowera kupezera malo mavayolini ambirimbiri ndilo linkayenera ntchito yoteroyo.

Zonsezi ndinazinena, mwinanso mokweza mawu kwambiri. Alamu anamvetsera mwaulemu, anamaliza tiyi wawo, ndipo ali pakhomo anandifunsa kuti mwa anthu onse oloweza mawu a Rakim pamtima, ndi angati amene anamva za maliro a Adams mu 2022. Ndinangowaperekeza mpaka pageti osayankha.

Chimbalecho achiiwala patebulo, ndipo m'nyumba muno mulibe galamafoni yochiimbira.