Nanga woyang'anirayo amamuyang'anira ndani?

M'maphunziro athu a kayendetsedwe ka boma tafika pa nthambi zimene zimayang'anira zipatala za odwala matenda a maganizo, nyumba za ana amasiye ndi za okalamba. Pa pepala zonse zimaoneka zolongosoka. Nthambi imapereka ziphaso, imagawa ndalama, imalemba ntchito akuluakulu a malowo, kenako imatumiza anthu okayendera. Chondivuta ine n'chakuti zonsezi zikakhala m'manja amodzi, woyenderayo amakatula lipoti lake kwa bwana yemwe uja anasaina bajeti yoperewera. Zili ngati mwana wa sukulu kudzichongera yekha mayeso.

Vutoli analiona kalekale. Mu 1843 Dorothea Dix, mayi womenyera ufulu wa odwala maganizo, anauza aphungu a ku Massachusetts, ku America, zoti odwala maganizo ankawatsekera m'ndende, ena atawamanga maunyolo. Mu 1863 boma lomwelo linakhazikitsa Board of State Charities, bungwe loyamba la mtunduwu ku America, loti liziyendera malowa n'kumalemba zomwe laona. Komabe patadutsa zaka zoposa 100, amene anaulula nkhanza za ku Willowbrook, malo a boma osungirako ana olumala m'maganizo ku New York, mu 1972 anali mtolankhani Geraldo Rivera ndi kamera yake.

Nkhani yomwe yandikhalitsa pansi ndi ya Life Esidimeni ku South Africa. Mu 2015 nthambi ya zaumoyo m'chigawo cha Gauteng inalengeza kuti ikuthetsa mgwirizano ndi kampani ya Life Esidimeni, yomwe inkasamalira odwala matenda a maganizo, ati pofuna kuchepetsa ndalama. Mu 2016 odwala oposa 1,000 anawasamutsa mothamanga, ambiri kupita kumabungwe ang'onoang'ono opanda anamwino okwanira, mankhwala, ngakhale chakudya. Abale anachenjeza, madokotala analemba makalata, nkhani inafika mpaka kukhoti, koma nthambiyo inangoti zonse zili bwino. Anthu 144 anamwalira.

Chimene chinandiimitsa powerenga ndi ziphaso. Malegapuru Makgoba, yemwe panthawiyo anali mkulu wofufuza madandaulo a zaumoyo m'dzikolo, anapeza mu lipoti lake la mu 2017 kuti mabungwe 27 omwe analandira odwala analibe ziphaso zovomerezeka mwalamulo. Nanga wopereka ziphaso anali ndani? Nthambi yomweyo imene inkafuna malo osamutsirako odwala mwachangu. Malamulo analipo, mafomu analiponso. Chinasowa ndi munthu wamphamvu zoti n'kukana, yemwe ntchito yake sikanatha chifukwa chokanacho. Mu 2018 Dikgang Moseneke, woweruza milandu wopuma pantchito yemwe anamva madandaulo a mabanja, analamula boma kupereka R1.2 miliyoni ku banja lililonse lomwe linadandaula.

N'chifukwa chake m'nkhani yomwe ndikulembera aphunzitsi sindikutaya nthawi ndi chithunzi cha maudindo chija, choonetsa kuti uyu ali pansi pa uyu. Ndikufunsa zina: woyendera amamulemba ntchito ndani, ndipo angamuchotse ndani? Kodi angafike usiku osauza aliyense, n'kucheza ndi wodwala paokha, namwino atatuluka panja? Munthu akamwalira m'chipatala chotero, amafufuza ndi anthu akunja kapena a momwemo? Ndipo lipotilo limakathera mu kabati ya bwana, kapena aphungu ndi abale a odwala amaliwerenga?